GIMP ndi layer mask: ndemanga yanga patatha chaka ndikuigwiritsa ntchito ku Salima

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi zithunzi pa Kamuzu Road, kuno ku Salima. Masiku ano anthu safunanso chithunzi chimodzi m'fulemu. Amabwera ndi zinayi kapena zisanu n'kunena kuti ziikeni pa pepala limodzi, za chinkhoswe, za ukwati, za kalendala ya mpingo. Kale ndinkachita izi pa foni, ndipo zithunzi zinkangokhala m'timabokosi ngati zidutswa za nsalu zosokerera. Chaka chatha ndinaika GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, pa laputopu yanga. Ndi yaulere, ndipo ukaitsitsa kamodzi siifunanso intaneti, zomwe kwa ife ogula bandulo ndi nkhani yaikulu. Anaiyamba ndi Spencer Kimball ndi Peter Mattis mu 1995 ali pa sukulu ku Berkeley, ndipo mpaka lero imakonzedwa ndi anthu odzipereka. Ine ndikadali pa mtundu wake wa 2.10, ngakhale 3.0 inatuluka mu 2025.

Chimene chandikhalitsa pa pulogalamuyi ndi layer mask. Ukatsegula zithunzi kudzera pa Open as Layers, zimasanjikizana, china pamwamba pa chinzake, ndipo chilichonse chimatchedwa layer. Cha pamwambacho umachipatsa mask yoyera, yomwe ili ngati chophimba chimene umapakapo osakhudza chithunzicho. Paliponse pamene wapaka zakuda pa mask, chithunzi cha pamwamba chimabisika n'kuoneka cha pansi. Ukapakanso zoyera chimabwerera. Mtundu wotuwa umaonetsa zonse ziwiri pang'onopang'ono, ndiye ukakoka gradient kuchoka pa zakuda kufika pa zoyera, chithunzi chimodzi chimalowa mu chinzake mosaoneka polumikizira. Dzanja lamanzere limangokhala pa batani la X, losinthira zakuda ndi zoyera.

Ubwino wake ndinauona bwino mu Ogasiti, mwera uli mkati. Kunabwera mayi ena achikulire ochokera ku Senga Bay, pamodzi ndi mdzukulu wawo. Ankakonzekera mwambo wa chiliza cha amuna awo, amene anali msodzi moyo wawo wonse. Anali ndi zithunzi zitatu m'kanvulopu: china chakale kwambiri chofiirira, bambowo akadali mnyamata, ataima pakati pa anthu, china ali pambali pa bwato akusoka ukonde, chachitatu cha tsiku la ukwati wa mwana wawo. Ankafuna zonse pa pepala la A3, kumbuyo kukhale nyanja. M'mawa mwake ndinakwera kabaza kukafika kugombe, n'kujambula dzuwa likutuluka pamadzi, chifukwa sindinkafuna kuika nyanja ya pa intaneti imene mwina si yathu n'komwe.

Pa chithunzi chakalecho ndinabisa anthu onse ozungulira kuti bambowo atsale okha. Paphewa lawo panali dzanja la munthu amene nkhope yake inali itafufutika ndi chinyontho, ndipo nalonso ndinalibisa, poganiza kuti likuipitsa. Mayi aja atabwera kudzaona anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anati, "Mwanangu, wagwira ntchito yabwino, koma dzanja lija walipititsa kuti? Ndi la apongozi anga. Chithunzi chawo china kulibe."

Mtima unandigunda. Ndinati, "Pepani mayi, khalani pansi pang'ono." Ndinadina pa mask, ndinasankha zoyera, n'kuyamba kupaka paphewapo ndi burashi yofewa. Zala zinayamba kutuluka chimodzichimodzi, kenako chigwinjiri cha pamkono. Mdzukulu uja anaimirira kudzasuzumira. Agogo akewo anagwira pakamwa. Ndikanakhala pa foni ija, n'kufufuta ndi kusunga, ndikanayambiranso ntchito ya masiku awiri. Apa dzanjalo linalipo nthawi yonseyi, linangophimbika, ndipo sipanadutse mphindi zisanu.

Sikuti zonse n'zophweka. Sabata yoyamba ndinkapaka zakuda pankhope pa munthu m'malo mopaka pa mask. Pa mndandanda wa ma layer pamakhala timabokosi tiwiri, ka chithunzi ndi ka mask, ndipo kamene ukugwirapo ntchito kamazungulidwa ndi mzere woyera. Yang'anani pamenepo musanapake. Tsitsi ndi ukonde ndi zimene zimadya nthawi. Ukonde wa bambo aja unandigoneka mochedwa, chifukwa m'maso mwake monse munkaoneka mchenga wa chithunzi chakale, pamene ine ndinkafuna muoneke madzi. Mapeto ake ndinangousiya wotuwa pang'ono, ndipo unaoneka bwino kuposa mmene ndikanaudulira ulusi ndi ulusi.

China n'chakuti mask yokha siikwanira. Chithunzi chojambulidwa masana sichigwirizana ndi nyanja ya mbandakucha, munthu amaoneka kuti wamatidwapo. Pamafunika kukonza kuwala ndi mitundu ndi zida za mu GIMP za Curves kapena Color Balance mpaka zifanane. Ambiri amene ndawaona akuphunzira amadumpha pamenepa, ndipo m'pamene ntchito imaonekera kuti ndi ya wophunzira.

Kwa anzanga a timashopu ngati kanga, za kusindikiza muziganize musanayambe. A3 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) ndi mapikiselo 3508 m'lifupi ndi 4961 m'litali. Pa laputopu yanga ya memory ya 4 GB, ma layer akapitirira asanu ndi limodzi pa kukula kumeneku burashi imayamba kutsalira m'mbuyo, koma vuto ndi la makina anga. Auzeni makasitomala atumize zithunzi pa WhatsApp ngati document, apo ayi zimafika zitachepetsedwa ndipo pa A3 zimaoneka mbuu. Save imasunga fayilo ya XCF, momwe ma layer ndi mask zimakhalabe zosiyana. Ya JPEG kapena PNG yopita kosindikiza imatuluka pa Export As. XCF musaitaye, chifukwa kasitomala amabweranso. Ndipo muzidina Ctrl+S pafupipafupi kuti ntchito isungike. Batire langa linatha kalekale, magetsi akangothima laputopu nayo imathima.

Amene amangofuna kuika zithunzi zinayi pa status, foni ikuwakwanira, asadzivutitse. Koma wogwira zithunzi za anthu, zimene zina zilipo chimodzi chokha padziko, ndikumulimbikitsa aphunzire pulogalamuyi. Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi, imodzi ndaichotsa chifukwa poyamba mabatani ake amachuluka m'maso ndipo munthu amafunika womulozera.

Mayi aja anatumiza mdzukulu wawo mwambo utatha. Anabwera ndi kajumbo ka usipa wouma ndi uthenga wakuti abale a ku Nkhotakota akufunanso makope atatu, koma pa makope amenewo dzina la apongozi lilembedwe pansi pa dzanjalo. Ndinatsegula XCF ija n'kuwonjezera layer imodzi.