Maphunziro a aluso aja a ku Katoto: za bajeti zinali bho, koma za kopeza ndalama anatisiya panjira

Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti maphunziro aja a oimba, azisudzo, ojambula ndi alakatuli anali bwanji, kodi tilembetse akabweranso ku Mzuzu kuno? Ndiyankhe pano kamodzi kuti ndisamangobwereza. Lembetsani, koma musapite ndi maganizo oti mukatulukako ndi cheke m'manja chifukwa ena anabwera ndi mtima umenewo ndipo atangomva kuti kulibe alawansi olo ya transipoti nkhope zinagwa, mawa lake mipando ina inali yopanda anthu kkkk.

Tinali anthu osakanikirana ndithu, oimba gospel a ku Chibavi ndi Mchengautuwa, ana a ku Mzuni a ndakatulo, azimayi osoka zovala za chitenje, anyamata ojambula mavidiyo a maukwati, komanso madala angapo a gulu la malipenga ochokera ku Nkhata Bay. Holo yake yozizira koopsa, mukudziwa Mzuzu nyengo ya June, tiyi ankachedwa, koma nkhomaliro sindidandaula, nsima ya nkhuku ya lokolo yokwana bwinobwino.

Chimene chinandigwira mtima ndi mayi amene ankaphunzitsa za bajeti. Eee mayi ameneyo samasekerera zopanda mutu. Anatiuza kuti aliyense anene pulojekiti yake m'chiganizo chimodzi, ndiye pafupifupi tonse tinayamba ndi zija za "ndikufuna kutukula luso la achinyamata a mchigawo cha kumpoto", iwo amangoti khalani pansi, mukufuna kupanga chani kwenikweni, kuti, ndi ndani, liti, ndipo zidya ndalama zingati? Mpaka munthu unene kuti ndikufuna kujambula nyimbo zisanu ndi kukaziimba m'masukulu atatu a sekondale muno mu tauni term ikubwerayi, apo ndiye amati eya tsopano tiyambe. Kenako kuwerengera chilichonse, situdiyo, kubwereka masipika, transipoti ya gulu, bandulo yotsatsira pa Facebook, jenereta ndi mafuta ake poti magetsi akhoza kuthima show ili mkati, ngakhale madzi akumwa a ovina. Ndiye anafunsa kuti ndani waikamo malipiro ake iye mwini, holo yonse zii. Akuti aluso ambiri timalipira wa situdiyo, wa minibasi, wa holo, ife eni ake n'kutsala ndi kutopa basi, kenako timayamba kudya ndalama ya zinthu zina, lipoti n'kukanika kulemba. Zoona zake zimenezo, ndaziona kwa anzanga ambiri.

Anakambanso za mitengo yosakhazikika. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44%, amene anali atalemba bajeti mwezi wapitawo anangoona ndalama yomwe anapempha sikukwananso kugula zida zochokera kunja. Ndiye akuti kotesheni uzitenga yatsopano, makamaka kwa ogulitsa atatu osiyana, ulembepo deti, komanso uikepo kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi ngati opereka thandizowo amalola. Nkhani ya malisiti nayo inali yokoma, wina anafunsa kuti nanga wa kabaza kapena mayi wogulitsa nsalu ku Taifa Market akupatsa lisiti yotani? Anationetsa kapepala kosavuta koti munthu asaine kuti walandira zakuti pa ntchito yakuti, ndi nambala yake ya foni, ndipo ukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba meseji ija usafufute. Zing'onozing'ono koma ndi zimene zimagwetsa anthu.

Gawo la mapepala linali lotopetsa koma lofunika. Kulembetsa dzina la bizinesi kapena gulu kwa Registrar General, kutenga nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, kutsegula akaunti ya ku banki m'dzina la gulu osati ya tcheyamani, malamulo a gulu olembedwa. Ma donor ambiri sangaponye ndalama mu akaunti ya munthu payekha, ndiye ngati gulu lanu lili ndi dzina lokha ndi ma T-shirt yambani pamenepo. Anafotokozanso za COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, imene yakhalapo kuyambira 1992 ndipo pano ikugwira ntchito ndi lamulo la Copyright la 2016, kuti ulembetse nyimbo kapena buku lako kuti uzilandira nawo ndalama zija za blank media levy (zimene zimadulidwa pa zipangizo zokopera ndi kusungira nyimbo ndi zolemba), komanso kuti kuli Copyright Fund komwe aluso amapemphako thandizo la mapulojekiti. Ndinadabwa kuona kuti oimba ena oti nyimbo zawo timazimva pa wayilesi sanalembetseko chilichonse. Ndipo nkhani yoti mugwirizane polemba ndi producer kuti beat ndi ya ndani musanatulutse nyimbo inautsa mkangano wabwino, anyamata awiri anatsala pang'ono kumalizitsa mlandu wawo wakale momwemo.

Tsopano kumene ndinakhumudwa. Mutu wa maphunzirowa unali woti tiphunzire kupeza tokha ndalama za ntchito zathu, koma titafika pamenepo anatilumikiza ndi bambo wina pa Zoom, netiweki ikuduladula, iwo busy kutionetsa Kickstarter ndi GoFundMe, mawebusayiti osonkhetsera ndalama kwa anthu pa intaneti. Aise, zinthu zimenezo munthu wa akaunti ya ku Malawi sungatsegule wekha, mpaka ukhale ndi m'bale ku UK kapena ku America woti akuimirire, ndiye dala wa malipenga wa ku Nkhata Bay zimuthandiza chani? Pamene ife kuno tili ndi njira zathu zimene zikugwira ntchito kale. Oimba gospel akamakhazikitsa chimbale CD yoyamba imagulidwa pa mtengo wokwera, anthu kupikisana kuponya ndalama, mlendo wolemekezeka kulonjeza zake. Kuli banki m'khonde, kuli chipereganyu, kuli kugulitsiratu matikiti pa WhatsApp anthu n'kumatumiza pa Mpamba, kuli ma hardware ndi malo ogona alendo a muno mu tauni oti atha kukupatsa holo kapena mafuta ukawaika pa poster. Palibe anakhalapo pansi kutiphunzitsa kuti zimenezi tizichite mwadongosolo bwanji, malonjezo a pa launch aja uwatolere bwanji poti ambiri amathera pa maikolofoni pompo, kapena kalata yopita kwa mwini shopu ilembedwe motani. Ine ndimayembekezera zimenezo kwambiri kuposa china chilichonse.

Komanso zitsanzo zawo zonse zinali zikuluzikulu. Lake of Stars imene inayambira ku Chintheche mu 2004, Tumaini Festival ya ku Dzaleka imene inayamba mu 2014, inde ndi nkhani zolimbikitsa ndipo Chintheche ndi kwathu konkuno, koma munthu amene akufuna K800,000 yoti ajambule sewero lalifupi akufunika chitsanzo cha saizi yake. Vuto lathu la ku Mzuzu sanalikhudze n'komwe, loti makampani akuluakulu malikulu awo ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ukapita ku nthambi ya kuno amangolandira kalata n'kukuuza kuti titumiza ku head office, basi nkhani yathera pomwepo. Funso limeneli linafunsidwa, yankho lake linali loti "pangani ma network". Chabwino, ndi transipoti iti?

Chizungu nachonso chinachuluka. Mapepala onse achizungu chokhachokha cha ma NGO, madala aja anangokhala chete mpaka mtsikana wina wa ku Mzuni anadzipereka kumawafotokozera m'Chitumbuka chapansipansi, apo ndiye anayamba kuyankha ndipo mfundo zawo zinali zakupsa kuposa zathu, anthu aja akhala akuyendetsa gulu zaka zambiri ndi zopereka za mamembala okha. Okonza akanangowapatsa mpata aphunzitse gawo limenelo.

Chimodzi ndiwayamikire mayi a bajeti aja, anatichenjeza za kupotoza luso lako kuti ligwirizane ndi chimene donor akufuna chaka chimenecho. Lero nyimbo ya kusintha kwa nyengo, mawa ya katemera, mkuja walowetsamo vimbuza poti wamva kuti UNESCO inaika vimbuza pa mndandanda wake mu 2008 ndiye azungu akonda, chonsecho sunapiteko olo kumene amavina usiku kukafunsa eni ake. Iwo akuti ngati call (chilengezo cha donor choti anthu apemphe thandizo) sikugwirizana ndi ntchito yako isiye idutse. Ena anatsutsa kuti njala siidziwa zimenezo, ndipo ine mbali zonse ndikuzimvetsa, koma zinali bwino kumva mphunzitsi akunena poyera.

Nyenyezi ndikupereka zitatu ndi theka pa zisanu. Amene mukupita ulendo wotsatira pitani ndi pulojekiti yeniyeni yolemba kale olo pa pepala la kope, mitengo mufunsiretu ku situdiyo ndi kwa obwereketsa zida, foni ikhale yodzaza moto poti masoketi ndi ochepa, juzi musaiwale. Gulu la WhatsApp limene anatsegula pambuyo pake lilipo, ma call amaponyamo ndithu ngakhale ena amafika dedilaini itatsala pang'ono. Analonjezanso kuti aliyense awerengeredwa pulopozo yake ndi kupatsidwa ndemanga, anzanga awiri awayankha kale ndipo akuti ndemanga zake ndi zothandiza, yanga ndinatumiza ndikudikirabe.