Mawaya Atatu Oyezera Mazinga a Bawuti: Patatha Miyezi 9

Papita miyezi 9 chigulireni kabokosi ka mawaya oyezera mazinga a bawuti, mazinga amene amisiri ambiri timangowatchula kuti mathiredi. Kale ndinkadula mazinga pa lathe, makina osemera zitsulo, n'kumayesa ndi nati, ikalowa bwino n'kumati ntchito yatha, koma nati siuza munthu kuti wadya chitsulo chochuluka bwanji, ndipo bawuti yothina mu nati yanga inkakakhwepa mu nati ya mwini ntchito.

Kayezedwe kake n'kosavuta kufotokoza. Mawaya atatu ofanana amagonekedwa m'ngalande za mazinga, awiri mbali imodzi, wachitatu mbali inayo, kenako micrometer, chipangizo choyezera kunenepa kwa chinthu molondola kwambiri, imayeza pamwamba pawo. Pa mazinga a madigiri 60, muyesowo ukachotsedwa kunenepa kwa waya katatu, n'kuwonjezeredwa pitch (mtunda wochokera pa dzino lina la mazinga kufika pa lotsatira) yochulukitsidwa ndi 0.866, yankho lake ndi pitch diameter, kutanthauza kukula kwa bawuti pamalo pamene dzino ndi ngalande zimafanana m'lifupi. Waya woyenereradi ndi amene amakhudza mbali za dzino pamalo omwewo, ndipo amapezeka pochulukitsa pitch ndi 0.577. Pa bawuti ya M10 (yonenepa 10 mm) ya pitch ya 1.5 mm akanakhala wa 0.866 mm, koma m'kabokosi kanga woyandikira ndi wa 0.895 mm. Mu gulu la 6g, limodzi mwa magulu osonyeza malire ololedwa a muyeso, pitch diameter ya bawuti imeneyi iyenera kukhala pakati pa 8.862 ndi 8.994 mm, choncho pa micrometer ndimayembekezera kuwerenga pakati pa 10.248 ndi 10.380 mm.

Chimene chinandiphunzitsa kusamala chinachitika m'mwezi wachitatu. Mabawuti angapo anali kutuluka ocheperapo pang'ono kusiyana ndi mmene masamu anga ankanenera, ndipo ndinayamba kukayikira micrometer, mpaka tsiku lina ndinayeza mawaya enieniwo. Onse atatu anali onenepa kuposa zimene zinalembedwa pa kachubu kawo ndi 0.004 mm. Kusiyanako kumaoneka ngati kopanda kanthu, komatu m'masamu aja kunenepa kwa waya kumawerengedwa katatu, motero cholakwacho chimafika 0.012 mm. Pa bawuti wamba palibe amene angadandaule, koma pa ntchito yofuna kuthina bwino n'chokwanira kuti katundu abwezedwe. Kuyambira pamenepo ndinayeza mawaya onse m'kabokosimo, n'kumata kapepala ka muyeso weniweni pa kachubu kalikonse, ndipo tchati chimene chinabwera nawo sindichikhulupiriranso ndisanachiwerengere ndekha.

Kugwira mawaya atatu ndi micrometer nthawi imodzi kumafuna dzanja lachitatu limene munthu alibe. Masabata oyamba ndinkakhalira kufufuza timawaya m'zinyenyeswa zachitsulo pansi pa lathe, ndipo kamodzi sikanapezeke mpaka lero. Tsopano ndimayala nsanza yoyera pansi pake, n'kupaka girisi pang'ono kunsonga za mawaya kuti asagwe, koma osati pamene micrometer ikhudze. Bawuti yongochoka kumene pa mpeni ndimaisiya izizire kaye, popeza miyeso yolondola imatengedwa pa kutentha kwa madigiri 20 Celsius, komanso ndimatembenuza micrometer ndi ratchet yake yokha, kachitsulo kakumapeto kamene kamaterereka ikathina mokwanira, kuti mawaya asakanikizike mopitirira. Dzimbiri linayamba pa mawaya awiri amene ndinawabwezera ndi manja athukuta, enawo akadali owala chifukwa ndimawapukuta ndi mafuta.

Malire awo ndinawaonanso. Mawaya amayeza malo amodzi okha, choncho ngati pitch yalakwika m'litali mwa bawuti, muyeso ungaoneke wabwino pamene ring gauge, chipangizo chonga nati choyesera mazinga, ikukana kulowa. Mazinga a m'kati mwa nati sangayezedwe nawo, ndipo pa mazinga a mtundu wa Whitworth, a madigiri 55, masamu aja amasintha. Kabokosiko ndingakagulenso, ngakhale kuti mawaya a pitch ya 0.5 mm ndikuyembekezerabe ena, poti wotayika uja anasiya awiri opanda ntchito.