Pepala, Foundry, Sheets kapena app yodzipangira: zomwe zapirira pakhonde la ku Nchalo

Pagulu pathu tilipo asanu. Loweruka masana timakumana pakhonde la alamu anga ku Nchalo, chakufupi ndi minda ya nzimbe, n'kusewera Dungeons & Dragons mpaka udzudzu utatibalalitsa. Wotsogolera nthano ndine. Ndikati "Padangokhala," anzanga amavomera kuti "Tili tonse," ngati kwa agogo, kenako madayisi n'kuyamba kugubuduka. Kwa inu amene simunaonepo: aliyense amakhala ndi munthu wake wa m'nthanomo, kaya wankhondo, wamatsenga kapena mbala, amanena zomwe munthuyo akufuna kuchita, ndipo dayisi ya mbali 20 ndi imene imagamula ngati zatheka. Masewerawa anawatulutsa Gary Gygax ndi Dave Arneson ku America mu 1974, ndipo ife timatsata malamulo a mu 2014.

Chotopetsa ndi masamu. Munthu mmodzi wa m'nthano ali ndi manambala ambirimbiri, ndipo akakwera level, kutanthauza sitepe ya mphamvu zake, theka la manambalawo limasintha. Nkhondo ikayambika, ine ndiye ndimasunga moyo wa zilombo zonse, kukumbukira woyamba kuponya ndani, wadya poizoni ndani, wagwa pansi ndani. N'chifukwa chake ndakhala ndikuyesa zida zosiyanasiyana zapafoni ndi zapakompyuta, mpaka ndinafika popanga yanga. Ndiziika pano moyandikana kuti amene mukuganiza zoyamba musataye bandulo pachabe.

Ndiyambe ndi ya eni masewera, D&D Beyond. Inayamba mu 2017, ndipo mu 2022 Hasbro, kampani imene ili ndi Wizards of the Coast, otulutsa masewerawa, inaigula pa madola 146.3 miliyoni. Pa kupanga munthu wa m'nthano palibe yoiposa. Umangosankha mtundu, ntchito ndi zida, masamu onse imawerenga yokha, ndipo mabuku amene wagula ungawatsitsire pafoni n'kumawerenga popanda intaneti. Koma zaulere zili ndi malire: anthu a m'nthano asanu ndi mmodzi basi, ndi malamulo oyambira okha. Zina zonse n'zogula m'madola ndi khadi ya kubanki, ndipo mukudziwa nokha mmene nkhani ya forex ilili kuno. Ngakhale ukhale ndi buku lenileni m'nyumba, silikutsegulira la pakompyuta. Chotipulumutsa chikanakhala choti munthu mmodzi akalipira Master Tier, phukusi lake lapamwamba, amatha kugawana mabuku ake ndi gulu lonse, koma kumeneko ndi kulipira kosatha. Kwa ife opanga mapulogalamu pali khoma lina: ilibe API (khomo loti pulogalamu ina ilumikizane nayo) yovomerezeka yotsegukira aliyense, ndiye sungamange chako pamwamba pake n'kukhala ndi mtendere.

Roll20 ndi Foundry anthu amakonda kuziika m'thumba limodzi chifukwa zonse zimaonetsa mapu ndi tizithunzi tosuntha, koma kwa munthu wa ku Chigwa cha Shire ndi nyama ziwiri zosiyana. Roll20, imene ilipo kuyambira 2012, imatsegulidwa pa browser ndipo ungayambe osalipira. Imafuna intaneti kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ntchito yake ndi yolumikiza anthu otalikirana, ndipo mmodzi wa ife akadzasamukira ku Lilongwe ndidzaiganizira. Koma anthu asanu okhala pamkeka umodzi, aliyense n'kumadya bandulo yake kuti aone mapu amene ndingajambule ndi makala pasimenti? Ayi ndithu.

Foundry ndi imene inandikopa mtima. Inatuluka mu May 2020, umalipira madola 50 kamodzi kokha, ndipo wolipira ndi wotsogolera yekha. Imakhala pa laputopu yako, anzako n'kulowa kudzera pa hotspot imodzi, ndipo ukamaliza kuikhazikitsa masewera amayenda ngakhale intaneti palibe. Papepala ndi ngati anapangira ife. Pansi pano nkhani ndi ina. Inapangidwira sikirini ya kompyuta, osati ya foni, ndipo pagulu pathu malaputopu alipo awiri. Ndiye pali nyengo. Mu October ndi November kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, laputopu yanga yakale imalira ngati chigayo, batire n'kutha nkhondo ili pakati. Tonse tikukumbukira January 2022, pamene namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Chida chilichonse chodalira soketi ndimachiyesa ndi chaka chimenecho. Ngati muli ndi sola yabwino ndi TV yoti nonse muziyang'anapo, Foundry ikukwanirani, wotsogolera n'kumasuntha yekha tizithunzi. Popanda zimenezo, sungani madola anuwo.

Google Sheets ndi yaulere ndipo aliyense wodziwa kalembedwe ka formula angapange pepala lodziwerengera lokha. Pa ntchito imeneyo ndi yabwino kwabasi. Chenjezo langa ndi limodzi: musaponyere dayisi mmenemo. Ine ndinagwiritsa RANDBETWEEN, formula yotulutsa nambala mwachisawawa, osadziwa kuti formula imeneyi imaponyanso nthawi iliyonse munthu akasintha kalikonse papepalapo. Alamu anaponya 20 polimbana ndi mvuu, mnzathu wina n'kulemba kuti wagula chingwe, 20 ija n'kusanduka 4. Kulakwa kunali kwanga, formula inangochita ntchito yake, koma alamu mpaka lero amati ndinawabera.

Za Discord, app yochezerana ngati WhatsApp, ndi bot yake Avrae, kapulogalamu kothandiza pa masewerawa, ndingodutsa. Imaponya madayisi bwino, imawerenga anthu a pa D&D Beyond, koma anzanga ali pa WhatsApp ndipo bandulo imene amagula ndi ya WhatsApp. Kumusamutsa munthu pamene anazolowera n'kovuta kuposa kulemba pulogalamu.

Tsopano yanga, imene inandidyera miyezi yambiri ya usiku. Maganizo anali oti ikhale m'Chichewa, izigwira popanda intaneti, ndipo iziyenda pa mafoni otsika mtengo amene tili nawo. Chopinga choyamba chinali chilolezo, ndipo apa mwayi unandigwera. Mu January 2023 kunabuka mkangano waukulu Wizards of the Coast itafuna kusintha chilolezo chakale cha OGL, chololeza ena kugwiritsa ntchito malamulo ake, osewera padziko lonse anakwiya, ndipo mapeto ake kampaniyo inaika malamulo oyambira, otchedwa SRD 5.1, pansi pa chilolezo chomasuka cha Creative Commons. Ndiye kuti ungawamasulire, ungawaike mu app, bola utchule eni ake. Koma SRD ndi fupa lopanda mnofu wambiri: ntchito iliyonse, kaya ya wankhondo kapena ya mbala, ili ndi nthambi imodzi yokha yoti usankhe, ndipo zilombo zotchuka ngati beholder mulibe. Ine sizinandipweteke, poti nthano zathu zimachitikira m'madambo onga a Elephant Marsh, ndipo zoopsa zake ndi ng'ona, mvuu, ndondocha ndi napolo. Koma wosewera akafuna nthambi ya m'buku logula, sungailembe mu app yogawira anthu.

Chachiwiri ndi malamulo enieniwo. Ukamawerenga amaoneka osavuta, koma pafupifupi lamulo lililonse lili ndi lina lolithyola. Tengani nambala ya chitetezo, AC. Wosavala zida zankhondo ndi 10 kuphatikiza Dexterity, nambala ya changu chake. Barbarian (wankhondo waukali) amawonjezera Constitution, ya kulimba kwa thupi, monk (womenya ndi manja) amawonjezera Wisdom, ya nzeru, wamatsenga akadziika matsenga oteteza a Mage Armor amayambira pa 13, ndipo njira zimenezi siziphatikizana, umasankha imodzi. Ine ndinalemba ngati zongowonjezera, wosewera wina n'kupezeka ndi chitetezo choti ngakhale napolo sangamukhudze. Anakhala chete milungu itatu, mwana wochenjera. Chimodzimodzi advantage, mwayi woponya dayisi kawiri n'kutenga nambala yaikulu: ukhale ndi zifukwa zitatu zokupatsa mwayi, chifukwa chimodzi chokha chokutsutsa chimafafaniza zonse. Halfling, mtundu wa anthu afupiafupi a m'nthano, akaponya 1 amaponyanso. Munthu patebulo amangoti "aa, iyeyu ndi halfling," nkhani yatha. Pulogalamu imafuna uilembere chilichonse, ndipo ukatseka bowo ili, lina latseguka.

Koma chimene chinandiseketsa n'kundiliza nthawi imodzi ndi Chichewa chathu chomwechi. Tsiku loyamba kulowetsa zilombo, app inangoti zii. Ndinasaka usiku wonse. Wolakwa anali ng'ona. Kachizindikiro kali pakati pa g ndi o kaja n'komwenso ndinkatsekera mawu mu code, ndiye kompyuta inkawerenga "ng" n'kuganiza kuti dzina latha, zotsalazo n'kuzitenga ngati lamulo. Aliyense wophunzira bwino amadziwa kuteteza zimenezi, koma maphunziro a pa intaneti zitsanzo zake ndi goblin ndi orc, ndipo sizikupunthwitsa. Kuno ng'ona, ng'ombe, ng'anga ndi Mang'anja zimakupeza tsiku loyamba.

Nditakonza zimenezo panabwera zazikulu. M'Chingerezi uthenga woti chilombo chavulala ndi umodzi, umangosintha dzina. Ife ayi. Ng'ona yavulala, chigawenga chavulala, mkango wavulala, kambalame kavulala, ng'ona zikakhala zitatu zavulala. App yanga inkalemba kuti "ng'ona wavulala," ndipo aphunzitsi a pagulu pathu, amene amaphunzitsa Chichewa kusekondale, anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, ng'onayi ndi mfumu ya mudzi uti?" Ndinayenera kupatsa chilombo chilichonse gulu lake la dzina, limodzi la chimodzi, lina la zambiri, ndipo mneni aliyense azitenga mutu wake pamenepo. Manambala nawonso: muvi umodzi, mivi iwiri, chikopa chimodzi, zikopa ziwiri. Palibe chida mwa zonse ndatchulazi chimene chinaganizirapo zimenezi, ndipo sindikuziimba mlandu. Kungoti amene mukulota zomasulira app ya ena, dziwani kuti kusintha mawu okha sikukwana.

Kulumikiza mafoni asanu popanda intaneti ndinakusiya nditayesa mwezi wathunthu. Awiri akasintha moyo wa munthu mmodzi nthawi imodzi, woona ndi uti? Makampani ali ndi anthu olembedwa ntchito pa funso lokhalo. Ndipo ngakhale iwo amapunthwa: DungeonScape, imene inkayenera kukhala app yovomerezeka ya malamulo a 2014, inathetsedwa chaka chomwecho isanafike pokhwima, ndipo Sigil, tebulo la 3D la Wizards of the Coast, linatuluka mu February 2025, mwezi wotsatira ambiri mwa olipanga n'kuchotsedwa ntchito. Ndikawerenga zimenezi mtima umakhala pansi pang'ono.

Kugawa app nakonso ndi phiri. Play Store imafuna madola 25, ndipo akaunti yatsopano ya munthu payekha iyenera kuyesedwa ndi anthu 12 kwa masiku 14 isanaloledwe kutulutsa. Ife tilipo asanu. Ndinapanga tsamba loti ukalitsegula kamodzi limakhala mufoni, n'kuliika pa GitHub Pages kwaulere. Zinayenda, mpaka mwana wa alamu atafuna malo a gemu yake n'kufufuta data ya browser. Wankhondo wa level 6, wa miyezi isanu ndi iwiri, anapita osatsanzika. Amene mukupanga zanu, batani loyamba kulemba likhale lotulutsa zonse ngati mawu wamba oti munthu adzitumizire pa WhatsApp. Ine ndinalilemba maliro atachitika kale.

Pali chinanso chimene palibe code ingakonze. Aliyense atakhala ndi app, mitu inawerama. Ndikufotokoza bwato likulowa m'mabango usiku, ndikukweza maso, wina ali pa Facebook, wina akuona ngati timu yake yagoletsa. Foni ikangolowa m'manja imabwera ndi abale ake onse.

Ndiye pepala ndi pensulo? Nazonso zili ndi matenda ake. Thukuta limafufuta manambala, chiswe sichisankha, ndipo amene munaona madzi a Freddy mu March 2023 mukudziwa zimene zimachitikira mapepala m'nyumba za kuno. Masamu amalakwika, makamaka pokwera level. Madayisi a mbali 20 sindinawaonepo m'sitolo za kuno, athu anabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Johannesburg, ndipo seti imodziyo timapatsirana. Komabe pepala silifuna chaji, silitentha, ndipo ng'ona umailemba mmene ukufunira.

Panopa tikuyenda chonchi. Osewera ali ndi mapepala ofotokopa ndi madayisi enieni, mafoni awo ali m'lichero pakona. Pokwera level timakhala pansi ndi Sheets kamodzi, kuwerengera, n'kukopera papepala. Tikamaliza kusewera aliyense amajambula pepala lake n'kuponya pagulu la WhatsApp, ndipo nkhokwe yathu ndi imeneyo. App yanga ndinaidula mpaka inatsala ntchito ziwiri, kusunga mndandanda wa oponya ndi moyo wa zilombo, ndipo imakhala pafoni yanga yokha. Mwa zonse zimene ndinalemba, zotsala sizikwana gawo limodzi mwa magawo khumi. Kukanakhala kuti gulu lathu ndi lomwazikana, ndikanasankha Roll20. Kukanakhala sola ndi TV, Foundry. Kukanakhala khadi ya madola yosadandaula, D&D Beyond ya masamu okha, mafoni n'kubwerera m'lichero.

Chimene chatsala osakonzeka ndi mfiti. Imodzi palibe vuto, mfiti yavulala. Zikakhala zitatu, aphunzitsi akuti app izilemba "mfiti zavulala," alamu akuti kwawo ku Ngabu palibe amene amatero, ndi "afiti avulala." Loweruka lapitali anakangana mpaka dzuwa kulowa, nkhondo ya m'phanga osayambika, ndipo bokosi la zambiri pa dzina limenelo ndalisiya lopanda kanthu.