Miyezi 10 ndi kamera yojambulira mbalame: kuchokera ku Cape Maclear mpaka pakhonde ku Chilomoni

Mu Januwale ndinalemba za kamera imene msuweni wanga anandigulira ku Johannesburg kwa munthu amene anali ataigwiritsako kale ntchito, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabweranso ikadzalawa mvula, chiperoni ndi fumbi. Zonse zitatu yazilawa tsopano. Kwa amene simunaone zoyambazo, ndi kamera ya mtundu wa bridge, ija lenzi yake sichoka, ndipo imakoka kuyambira pa 24mm mpaka 2000mm. Imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Ndinagulanso magalasi oonera kutali a 8x42, okulitsa chinthu ka 8, amene panthawiyo ndinkawaona ngati basela chabe. Ndinali nditangofika kumene kuchokera kutchuthi cha Khirisimasi, masiku 4 ku Cape Maclear ndi 2 ku Liwonde, ndipo kamerayo ndinaitama kwambiri. Lero ndikuikondabe, koma chinthu chimene ndimanyamula tsiku lililonse ndi magalasi aja.

Ndiyambe ndi kunyanja, chifukwa kumeneko ndi kumene kamerayi inandikopa. M'mawa wina tinakwera boti pa Chembe kulowera kuchilumba cha Thumbi. Achimwene oyendetsa botilo anali atagula tinsomba kwa asodzi, ndipo kansomba kalikonse ankakabaya ndi kabango kuti kasamire. Akaimba likhweru, nkhwazi inkayankha ili pamwamba pa mtengo, mutu itaupendekera chagada, kenako n'kutsika. Maulendo atatu oyamba ndinangojambula madzi okhaokha. Ndinali nditakoka lenzi mpaka mapeto, ndipo ukakoka motero malo amene ukuona amachepa kwambiri moti mbalame youluka imangodutsa ngati mphezi. Achimwene aja ataona anati, "Amayi, musatsate mbalameyo, lozetsani pansomba pomwepo, ibwera yokha." Ndinabweza lenzi kufika cha m'ma 400mm, n'kuika shutter, liwiro limene kamera imatolera chithunzi, pa 1/2000 ya sekondi, n'kudikira. Chithunzi chimene chinatuluka chili pakhoma pabalaza mpaka lero: zikhadabo zitatambasuka, chifuwa choyera mbee, madontho a madzi ali m'malere. Ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu, koma ndinali ndisanaionepo m'maso chonchi.

Ku Liwonde zinthu zinali zofewa. M'mphepete mwa Shire mbalame zambiri zimakhala phee, kuwala kumakhala kokwanira, ndipo boti limayenda pang'onopang'ono. Akakowa, a chiswankhono, atchete akuluka zisa zawo pamabango, zonsezi kamera inazigwira bwino. Pafupi ndi pamene tinkagona panali Böhm's bee-eater, kambalame kobiriwira kofiirira kumutu, kamene kamauluka kukagwira kachilombo n'kubwereranso panthambi yomweyo. Ukangodziwa nthambi yake, basi, khala pansi ndi kapu ya tiyi, kakupeza komweko. M'mitengo ya tsanya tinaonamo timagulu ta Lilian's lovebird, timbalame ta mtundu wa zinkhwe. Kadzidzi wamkulu wodya nsomba uja, Pel's fishing owl, amene alendo ambiri amapitira kumeneko, tinamufuna m'mitengo yamthunzi koma sitinamuone. Pakiyi yakhala m'manja mwa bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo otiperekeza ankadziwa mbalame ndi kulira kwake komwe.

Mavuto anayamba nditabwerera kuno ku Blantyre, pamene ndinayamba kulowa nayo m'nkhalango. Chinsinsi cha kukoka kutali kwa makamera awa ndi chakuti sensa yake, kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi, ndi yaing'ono, pafupifupi mamilimita 6 m'litali, yosasiyana kwenikweni ndi ya mafoni ambiri. Sensa yaing'ono imalandira kuwala kochepa, ndipo ukakoka mpaka mapeto kabowo ka lenzi kolowetsa kuwala nako kamachepa kufika pa f/6.5. Padzuwa palibe vuto. Koma mu Juni, chiperoni chitakuta Michiru, pansi pa mitengo pamakhala ngati kukuda, ndipo kamera imakweza yokha ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi pamdima. Ikadutsa 800 nthenga za mbalame zimayamba kuoneka ngati zapakidwa phala. Paphiri la Zomba ndinakumana ndi Livingstone's turaco ikuthamanga panthambi ngati gologolo, ndipo itatambasula mapiko kufiira kwake kunandiimitsa mtima. M'magalasi ndinaona chilichonse, tsumba lake lalitali ndi mzere woyera pansi pa diso. M'kamera munatuluka chinthu chobiriwira chopanda mutu weniweni. Tsiku limenelo ndi pamene ndinavomereza kuti m'nkhalango yowirira kamerayi ndi yongosungira umboni, kuti ukafika kunyumba utsegule buku n'kudziwa dzina la chimene waona.

Ntchito imeneyo ndiye imaigwira bwino zedi, ndipo sindikuichepetsa. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo zambiri ndi tating'ono tofanana maonekedwe. Ngakhale chithunzi chosaoneka bwino chimakuthandiza kuona mlomo, miyendo ndi utali wa mchira. Zimene ndatsimikiza ndimazilemba pa eBird, tsamba la pa intaneti polembapo mbalame zimene waona, ndipo zondivuta ndimafunsa anthu a Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene ena mwa iwo akhala akuyenda m'mapiri awa kwa zaka zambiri. Thyolo alethe, imene inatenga dzina la boma la Thyolo ndipo ili pachiopsezo chakutha, sindinaionebe. Nkhalango zimene imakhalamo zikuchepa, ndipo aliyense amene amayang'ana phiri la Soche kapena Ndirande amadziwa mmene mitengo yathera. Ku Michiru nako ndakumanako ndi zitsa zatsopano ndi fungo la uvuni wa makala, m'malo amene mu Febuluwale munali mthunzi. Zimandipweteka kwambiri.

Chinyezi ndi fumbi zili ndi nkhani yake. Mu Julayi ndinatuluka nayo m'nyumba m'mamawa kukuzizira, ndipo galasi la lenzi linachita nkhungu kwa mphindi zingapo. Kuyambira pamenepo ndimaisunga m'kontena yapulasitiki yotseka bwino, yokhala ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'makatoni a nsapato. Timapaketito ndimatiyanika padzuwa pakapita milungu ingapo. Nguwi sizinamere m'lenzi. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala lalowako pang'ono pamene lenzi imatulukira, moti tsopano ikamatuluka imamveka kukhwekhwereza, koma ikugwirabe ntchito. Ndimaipukuta ndi kaburashi kofewa ndisanaizimitse. Batire limodzi limanditengera zithunzi pafupifupi 300 ndikapanda kujambula vidiyo. Gulani ena awiri nthawi yomweyo mukugula kamera, chifukwa ine ndinazungulira mu Limbe osalipeza la mtundu umenewu. Magetsi akathima ndimaitchaja ndi power bank.

China chimene palibe anandiuza ndi mpweya wotentha. Mwezi uno, dzuwa likangokwera cha m'ma 9 koloko, mpweya umanjenjemera pamwamba pa nthaka ndi pamadzi. Mbalame ikakhala kutali, lenzi imakulitsa kunjenjemera komweko, ndipo chithunzi chimatuluka chofewa ngakhale manja ako asagwedezeke mpang'ono pomwe. Poyamba ndinkaganiza kuti kamera yawonongeka. Mankhwala ake ndi kulawirira, ndi kuyandikira. Zithunzi zanga zabwino kwambiri sindinazijambule pa 2000mm ayi. Ndinazijambula mbalame ili mamita 5 kapena 8 kuchokera pamene ndakhala.

Apa ndi pamene khonde langa la ku Chilomoni likulowera. Mu Meyi, mvula itasiya, ndinaika phale la mtsuko wosweka pansi pa mtengo wa gwafa n'kumathiramo madzi m'mawa uliwonse. Sabata yoyamba kunali zii. Kenako anabwera apumbwa, amene nthawi zonse ndi oyamba ndipo amasamba mwaphokoso mpaka madzi kutha theka. Pambuyo pawo njiwa, zimene zimamwa osadzutsa mutu, mosiyana ndi mbalame zina zimene zimamwa pang'ono n'kuyang'ana kumwamba kuti madzi atsike. Mpheta zimabwera gulu. Nthengu imakhala pawaya kudikira tizilombo. M'miyezi yozizira, maluwa a aloe atamasula, choso chinkabwera nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse. Chikakhala pamthunzi chimaoneka chakuda, koma chikatembenukira kudzuwa mutu wake umawala mobiriwira ngati chitsulo chopukutidwa, ndipo pamlomo pake wopindika pamakhala ufa wachikasu wa maluwa. Ndinachijambula nditakhala pampando, zigongono zili pamawondo, kamera osaikoka ngakhale theka. Pachithunzicho nthenga iliyonse ikuwerengeka.

Mwana wa aneba, wa Sitandade 6, ankadutsa ndi legeni m'khosi n'kumasuzumira pampanda. Tsiku lina ndinamuitana n'kumupatsa magalasi. Anakhala nawo nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, "Anti, kodi pumbwa ali ndi chikasu kunsi kwa mchira?" Anali atagwirapo apumbwa ambiri, koma wamoyo, wodekha, anali asanamuyang'anitsitsepo. Maso ake ndi akuthwa kuposa anga. Ndi iye amene anandilozera chisa cha nantchengwa mumtengo wa m'mbali mwa mtsinje, chimulu chachikulu cha timitengo ndi udzu chokhala ndi khomo laling'ono chakunsi, ndipo anandiuza kuti agogo ake anamuletsa kuchikhudza. Ndi iyenso anayamba kuona kuti akabawi abwerera mu Ogasiti. Loweruka lililonse amabwera, magalasi amakhala ake, kamera yanga.

Ndiye kodi ndingaigulenso? Inde, chifukwa palibe njira ina yotsika mtengo yofikira kutali chonchi ndi chinthu chokwana m'kachikwama kamodzi. Kamera ya malenzi osintha yokhala ndi lenzi yaitali imajambula bwino kuposa iyi m'nkhalango ndi pa mbalame zouluka, koma mtengo wake ndi kulemera kwake ndi zina. Ngati tchuthi chanu ndi chopumula, kunyanja, pa Shire, kapena pabwalo la loji m'minda ya tiyi ku Thyolo, iyi ikukwanirani. Ngati mukufuna namzeze ali m'malere kapena mbalame za mumdima wa nkhalango, idzakukhumudwitsani. Ndipo ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, yambani ndi magalasi. A 8x42 amalowetsa kuwala kokwanira m'mamawa ndi madzulo, sagwedezeka kwambiri m'manja ngati a 10 kapena 12, ndipo safuna batire. Anga agwapo pamwala ku Michiru, anangokalika pang'ono.

Sabata yatha madzulo ndinamva ma European bee-eater akudutsa pamwamba pa nyumba, kulira kwawo kofewa kuja, atafika kuchokera kumpoto. Ndi chizindikiro chakuti alendo a nyengo ya mvula ayamba kulowa. Mwezi wamawa, misewu isanaterere, tikupita ku Elephant Marsh kumunsi kwa Shire, ndipo makolo a mnyamata uja avomera kuti tipite naye. Batire ndalitchajiratu, ndipo bwato tapangana kuti tidzakwere 6 koloko m'mawa, mpweya usanayambe kunjenjemera.