Collision Lab ya PhET ndi masamu a momentum ku Fomu 4

Aphunzitsi anzanga a Physics, makamaka inu a m'sukulu zoyendera zomwe zilibe zipangizo za mu labotale, ndikuuzeniko za Collision Lab, pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekezera kugundana kwa zinthu. Imeneyi ndi imodzi mwa mapulogalamu a PhET, ntchito ya ku University of Colorado Boulder imene Carl Wieman anaiyambitsa mu 2002, patangotha chaka chilandirire mphoto ya Nobel. Ndi yaulere. Mukaikopera kamodzi pa laputopu imagwira ntchito popanda intaneti, ndiye za bandulo musade nazo nkhawa.

Mukaitsegula muona mipira iwiri. Mumasankha mass (makilogalamu ake) ndi velocity (liwiro ndi kolowera) ya mpira uliwonse, n'kuisiya kuti igundane. Ine ndimayamba ndi elasticity pa 0%, kuti ikagundana imatirirane. Mpira wa 2 kg ukuthamanga pa 1.5 m/s kulowera kumanja, wa 1 kg uli chiimire. Ana amawerengetsa kaye m'makope: momentum yonse (mass kuchulukitsa ndi velocity) ndi 3 kg m/s, kugawa ndi mass ya mipira yonse iwiri, 3 kg, yankho 1 m/s. Akatha m'pamene ndimadina batani. Mipira ija imanyamukira limodzi pa 1 m/s yeniyeniyo, ndipo mumva kalasi yonse ikuti "eee!"

Koma pamene ndaikondera kwambiri ndi pa nkhani ya mainasi. Ana anga ambiri fomula ya mass kuchulukitsa ndi velocity amailoweza bwinobwino, chimawagwetsa n'choti momentum ili ndi kolowera. Upatseni mpira wa 1 kg uja liwiro la 1 m/s kulowera kumanzere. Theka la kalasi liphatikiza 3 ndi 1 n'kupeza 4. Mukatsegula Momenta Diagram, muvi wautali uloza kumanja, waufupi kumanzere, wotsala n'kukhala 2, ndipo mipira ichoka pa 0.67 m/s. Mtsikana wina amene ankaiwala mainasi nthawi zonse anangoyang'anitsitsa miviyo, n'kufufuta yekha yankho lake ndisanayankhule kanthu. Zinandikhudza mtima.

Pulogalamuyi imaonetsanso kinetic energy, mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chikamayenda. M'chitsanzo choyamba chija imatsika kuchoka pa 2.25 J kufika pa 1.5 J pamene momentum sinasinthe, zomwe pa bolodi ndimavutika nazo kufotokoza.

Dziwani kuti pulogalamuyi sifunsa mafunso ndiponso sichonga. Mafunso mukonze nokha, kapena mutenge m'mapepala akale a MANEB n'kuchepetsa manambala, poti mipira yake ndi ya makilogalamu ochepa, siyofanana ndi malole a m'mayeso. Komanso mwana mukangomusiyira, amadinadina n'kukopera yankho osawerengetsa, pamene m'chipinda cha MSCE adzakhala yekha ndi cholembera. N'chifukwa chake kwa ine kope limayamba, batani pambuyo.

Pa foni yaing'ono zala zimaphonya timabokosi tolembamo manambala, bola laputopu. Ngati muli nayo imodzi yokha ngati ine, aitaneni ana m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi, gulu lililonse libwere litalemba kale yankho lake.