Kiliniki ya hemofiliya ya Lachiwiri: zabwino zake komanso vuto la kiyi wa filiji

Amayi angapo andifunsa pa WhatsApp ngati kiliniki ya ana a matenda a magazi yomwe timapitako ndi yoyenera kuonongerapo ndalama ya minibasi. Ili pa chipatala china chachikulu mumzinda. Dzina sinditchula, chifukwa pali zomwe ndidandaule, komanso anthu a kumeneko ndimawafunabe. Yankho langa ndi eya, pitani. Tayendako zaka ziwiri ndi theka tsopano.

Mnyamata wanga atayamba kukwawa ankangotuluka zigamba zakuda m'mawondo ndi m'matako. Kusikelo ankandiyang'ana ngati ndimamumenya. Apongozi anati pali wina akumutsina usiku. Tsiku lina anagwa n'kung'ambika kamnofu kolumikiza mlomo wam'mwamba ndi nkhama, kabala koti mwana wina akanaiwala pofika madzulo. Iye anadontha magazi masiku atatu, pilo yonse kufiira. Ndi m'mene anatitumiza ku kiliniki imeneyi. Anapeza kuti magazi ake amachedwa kuundana chifukwa factor VIII, chimodzi mwa zinthu zogwiranitsa magazi, ali nayo yosakwana 1 peresenti. Imeneyo ndi hemofiliya A, mtundu woopsa kwambiri. Amabadwa nayo mnyamata mmodzi mwa anyamata pafupifupi 5,000, ndiye musadabwe kuti kuchipatala chathu chaching'ono anali asanaionepo.

Chimene chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi pepala limene anesi aakulu anajambula. Anatikhazika pansi ine ndi bambo a mwanayu, n'kuyamba kulemba mtundu wanga, timabokosi kuimira amuna, timizere tozungulira kuimira akazi. Kenako anafunsa: "Mayi, mwa alongo awo a amayi anu, alipo amene anamwalira ndi kutaya magazi?" Ndinazizidwa thupi lonse. Amalume anga anamwalira ine ndili wamng'ono atangochotsedwa dzino, ndipo mudzi wonse unati awalodza pa nkhani ya munda. Mpaka lero pali mabanja awiri kwathu osayankhulana chifukwa cha maliro amenewo.

Anesiwo anafotokoza kuti matendawa amayenda pa kromozomu X, kanthu ka m'thupi kamene mwana amatengera kwa makolo. Mkazi ali ndi ma X awiri, wina akakhala wolakwika winayo amamuphimbira. Mwamuna ali ndi X mmodzi yekha, wochokera kwa mayi ake. Choncho mwana wamwamuna aliyense amene ndingabereke, mwayi woti akhale nawo ndi theka. Ife timati mwana ndi wa kuchikazi, ndiye matendawa nawonso atsata mbumba. Koma anafulumira kuwauza amuna anga kuti pa ana atatu alionse odwala, mmodzi amabadwa nawo m'banja loti simunakhalepo wodwala, ndipo palibe amene amasankha X wopatsa mwana wake. Mawu amenewo anayankhulidwa maso ali pa iwo, osati pa ine. Anesi amenewa ndi odziwa mabanja.

Chinanso chimene sindinachione kwina kulikonse: amakuphunzitsa ngati munthu woti tsiku lina udzakhala wekha pamaso pa dokotala wosawadziwa matendawa. Sakubisira manambala. Ndinaphunzira kuti mankhwala ake ndi factor VIII yemweyo wobaya mumtsempha, kuti yuniti imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi imakweza mlingo wake ndi 2 peresenti, ndipo pakatha maola 8 mpaka 12 theka lake limakhala latha m'magazi. Ndinaphunzira kuti asipilini, bufeni ndi diclofenac ayi, Panado eya. Jakisoni wa m'tako ayi. Ngakhale katemera amam'baya pansi pa khungu kenako n'kupanikiza pamalopo kwa mphindi zingapo. Bondo likatentha, mwana n'kuyamba kukana kupondera mwendo, usadikire kuti litupe: mugoneke, ika ayezi wokulunga m'kansalu, kweza mwendowo, nyamuka. Zonsezi anazilemba pa khadi lomwe anamata patsamba loyamba la kabuku kake ka kuchipatala.

Khadi limenelo linagwira ntchito usiku wina mwezi wa June. Mwana anagwa pakhonde n'kumenyetsa mutu pa simenti. Tinafika kuchipatala chomwecho cha m'ma 10 koloko usiku, kiliniki itatseka kalekale. Dokotala wachinyamata anamuunika m'maso ndi tochi, n'kunena kuti akuoneka bwino, tidikire kum'jambula m'mawa. Mtima unkagunda ngati ng'oma, koma ndinati: "Pepani adokotala, sikuti ndikukuphunzitsani ntchito. Mwanayu ali ndi hemofiliya A yoopsa. Akamenyetsa mutu amalandira factor kaye, kujambula pambuyo. Akulemera makilogalamu 14, ndiye ndi mayuniti 50 pa kilogalamu, 700, tingoti 750 poti botolo salitsala." Anandiyang'ana kanthawi, n'kutenga kabukuko, kuwerenga khadi, kenako anati, "Mayi, mukunena zoona." Ndimawalemekeza adokotala amenewo. Ena akanati mayi wa kumudzi akudzionetsera.

Apa ndi pomwe dandaulo langa lalikulu lili. Factor anali m'filiji ya ku kiliniki, filijiyo yokiya, kiyi ali ndi munthu amene anaweruka masana. Tinadikira maola awiri, ine ndikumugwedeza mwana kuti ndione ngati akudzuka bwino, ndikuwerenga kuti wasanza kapena ayi. Mulungu anatichitira chifundo, m'mutu simunali magazi. Komabe magazi sadziwa kuti lero si Lachiwiri. Nkhani ya kiyiyi taikamba kawiri pa msonkhano wa makolo ndipo akuti aikonza. Ndikhulupirira ndikadzaona botolo usiku.

Zina zochepa. Timapepala tophunzitsira tonse n'ta Chingerezi. Agogo ake a mwanayu, amene amatsala naye ine ndikapita ku geni, sangawerenge, moti ndinachita kuwalembera ndekha m'kope la sukulu. Mzere ndi wautali, mukafika 8 koloko mutuluka dzuwa litapendeka, choncho tengani phala la mwana. A mafizo ndi abwino zedi koma alipo mmodzi.

Za mankhwala sindiwadzudzula. Maiko ambiri osauka amadalira factor wopatsidwa, makamaka kudzera ku World Federation of Hemophilia, bungwe lomwe linayamba ku Montreal mu 1963. Kumaiko olemera ana amalandira factor kawiri kapena katatu pa sabata asanataye magazi n'komwe, ena amabayidwa mankhwala ena otchedwa emicizumab pansi pa khungu. Wanga amalandira akavulala basi. Chimene ndimaumirira n'choti azimuyeza ma inhibitor, chifukwa mwa ana khumi a mtundu woopsawu, pafupifupi atatu thupi lawo limayamba kulimbana ndi factor amene akupatsidwa, mankhwala n'kusiya kugwira. Ulendo wina anaiwala, ndinawakumbutsa, anesi anaseka n'kunena kuti, "Mayi, inu mudzatilanda ntchito."

Nkhani ya mdulidwe anandithandiza kwambiri. Akuchimuna anali atayamba kale kuikamba. Anesi aakulu anaitana atsibweni awo a amuna anga, munthu wamkulu wa imvi, n'kuwauza mwaulemu kuti mwana ameneyu mpeni usam'khudze kunja kwa chipatala, ndipo ngakhale m'chipatalamo pokhapokha factor ali pafupi wokwanira masiku angapo. Akuluwo anangoti, "Ndamva, mayi." Ine ndikanayankhula zomwezo chaka chonse osandimvera.

Pa 17 April, tsiku lokumbukira hemofiliya pa dziko lonse, kiliniki imasonkhanitsa makolo, ndipo chaka chino anayamba kutiphunzitsa kupeza mtsempha pa mkono wa pulasitiki. Ine ndinaphonya kanayi. Lachiwiri likubwerali ndikupita ndi mng'ono wanga, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndipo pa sikani anamuuza kuti ndi mnyamata. Anesi ati abwere ndi kabuku kake ka sikelo, alembemo kuti azamba asadzakoke mwana ndi vacuum, kachipangizo kokokera mutu wa mwana pobadwa, poti nayenso akhoza kukhala ndi matendawa.