Freewing F-86 Sabre ya 80mm: ndege yoti mugule, koma osathamangira kuyiulutsa

Abale amene mumakonda ndege za rimoti, Freewing F-86 Sabre ya 80mm, jeti ya rimoti yokankhidwa ndi fani ya magetsi ya 80mm yobisika m'thupi mwake (EDF), ndi ndege yoti ndikhoza kumuuza munthu kuti gulani ndalama zanu sizipita pachabe, koma pokhapokha ngati munaulutsapo kale ndege za pulopela mpaka kutera kunasiya kukunjenjemeretsani manja. Ngati simunagwirepo rimoti chibadwire ayi ndithu, yambani ndi trainer ya mapiko apamwamba ija yoyenda pang'onopang'ono, iyi idikire kaye. Ine ndimayiulutsa kuno ku Joni pa kalabu ina yomwe ili ndi kamsewu ka phula, ndiye zomwe ndikunenazi ndi za malo ngati amenewa.

Choyamba chomwe chinandikoka ndi maonekedwe basi, sindinama. Sabre yeniyeni inapangidwa ndi North American Aviation, inauluka koyamba pa 1 October 1947, ndipo inatchuka pa nkhondo ya ku Korea ya 1950 mpaka 1953 pomwe imalimbana ndi MiG-15. Mapiko ake anapendekera kumbuyo madigiri 35, nzeru yomwe anayitengako pa kafukufuku wa ma Jeremani a nthawi ya nkhondo yachiwiri, mphuno yake ndi bowo lalikulu lolowera mpweya ku injini ya General Electric J47, mfuti zisanu ndi imodzi m'mbali mwa mphunomo zitatu uku zitatu uku. Ndipo si ndege yachilendo kuno ayi, asilikali a m'mlengalenga a South Africa, a 2 Squadron aja amawatcha Flying Cheetahs, anayiulutsa ku Korea mu 1953 atasiya ma Mustang, kenako dzikoli linagula ma Sabre opangidwa ku Canada ndi Canadair. Mukapita ku myuziyamu ya asilikali a m'mlengalengawa (SAAF) ku Swartkop kufupi ndi Pretoria mukaiona ndi maso anu, ndipo mukabwerako mukayang'ananso kamodelo aka mudzavomereza kuti a Freewing anayesetsa, mizere ya mapanelo, kanope (galasi lophimba pokhala woyendetsa), kaimidwe kake ikakhala pa matayala, zonse zikufanana ndithu. Yeniyeni mapiko ake ndi mamita 11 ndi kachidutswa, iyi ndi 1200mm, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Mubokosi imabwera ya mtundu wa PNP, kutanthauza kuti mota, fani, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota), ma servo (timamota toyendetsa ziwongolero) ndi matayala opinda anaika kale, inu mumabweretsa rimoti, risiva, batire ndi chaja. Thupi lake ndi foam ya EPO. Kulumikiza sikovuta, madzulo amodzi mwamaliza, mchira, mapiko, ma waya kulowetsa m'malo mwake basi. Koma foam imakumbukira chala chilichonse, mukafinya ndi chikhadabo chizindikiro chimatsala, ndiye yalani thawulo patebulo musanayambe ndipo wotchi ndi mphete vulani. Izi ndi za ndege zonse za foam osati iyi yokha.

Tsopano nkhani yomwe ndikufuna tikhalepo ndi ya kutchera, chifukwa ndege iyi ubwino wake wonse umaoneka mukaitchera bwino, ndipo anthu ambiri amene ndawaona akutola zidutswa kumapeto kwa bwalo vuto silinali ndege ayi, linali changu. Munthu wagula lachisanu, loweruka m'mawa ali kale pa bwalo batire ili mkati akufuna anzake aone. Musatero chonde.

Yambani ndi CG, malo aja ndege imayenera kukhala pa sikelo osagwera kutsogolo kapena kumbuyo. Muyeso wake uli m'kabuku, yezani ndi rula kuchokera pomwe phiko layambira pa thupi, ikani timadontho ndi maka mbali zonse ziwiri, kenako ikani batire yomwe muulukire, tsekani kanope, tembenuzani ndege chagada popeza mapiko ake ali pansi, nkuyinyamula ndi zala pa timadontho paja. Batire ya 6S (LiPo ya ma selo asanu ndi limodzi) ndi yolemera kwabasi moti kuyisuntha sentimita imodzi yokha ndege yasintha khalidwe. Pa ulendo woyamba ndi bwino mphuno ilemereko pang'ono, ndege yolemera kutsogolo imangofuna liwiro lambiri potera koma imamvera, pomwe yolemera kumbuyo imadumphadumpha mukangokhudza elevator (chiwongolero cha kumchira chokweza ndi kutsitsa mphuno) ndipo pa mapiko opendekera ngati awa ikataya mpweya imagwetsa phiko limodzi mwadzidzidzi osakuchenjezani. Mukapeza malo abwino a batire jambulani mzere mkatimo ndi maka kuti tsiku lililonse izikhala pomwepo, mangani ndi lamba wake komanso velcro pansi, chifukwa batire ikaseleleka ndege ili m'mwamba palibenso chomwe mungachite.

Kenako rimoti. Ine ndimagwiritsa Radiomaster TX16S ya EdgeTX koma iliyonse ya 2.4GHz yokhala ndi ma channel asanu ndi limodzi kupita m'mwamba ikwanira, throttle (mphamvu ya mota), aileron (ziwongolero za pa mapiko zopendeketsa ndege), elevator, rudder (chokhotetsa mphuno kumanja kapena kumanzere), flap (zotsika pa mapiko ponyamuka ndi potera) ndi matayala. Ikani ma rate awiri (muyeso wa mmene ziwongolero ziziyendera), ochepa ndi ambiri, monga kabuku kanenera, ndipo expo (yofewetsa ndodo ya rimoti ikakhala chapakati) ya cha m'ma 30 pa aileron ndi elevator imathandiza kwambiri chifukwa pa liwiro lake ndege iyi imagudubuzika msanga, mukangoti pang'ono yatembenuka kale. Ine ndimanyamuka ndi ma rate ochepa pa aileron koma elevator ndimasiya yokwanira kuti potera ndikhale ndi mphamvu yokwezera mphuno. Ma flap muwachedwetse mu rimoti kuti azitsika mwa masekondi awiri kapena atatu osati kungoti phwa nthawi imodzi, ndipo mukakwera m'mwamba yesani kuona ngati ndege ikukweza kapena kutsitsa mphuno ma flap akatsika, ndiye mukatera muike mix ya elevator pang'ono yokonza zimenezo. Throttle cut (chozimitsira mota) ikani pa switch yake, failsafe tcherani kuti siginolo ikatayika mota izime, range check (kuyesa ngati siginolo ikufika patali) chitani ndithu osachita manyazi kuti anthu akukudikirani. Ndipo imani kumbuyo kwa ndege muone ngati aileron ikupita mbali yoyenera, mukakankhira kumanja ya kumanja ikwere ya kumanzere itsike, kachinthu kakang'ono koma kamapha ndege zatsopano chaka ndi chaka. Ngati mwaika gyro (kachipangizo kowongola ndege pakokha ikagwedezeka) pendeketsani ndege ndi manja muone kuti ikukonza molondola, gyro yotembenuka ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo.

Chinanso chomwe anthu amaiwala ndi thayala la kutsogolo. Kankhani ndege pa phula ndi dzanja muone ngati ikuyenda mowongoka, ngati ikukokera mbali konzani pa ndodo yake ya chiwongolero, ndipo chiwongolerocho chichepetseni mu rimoti chifukwa pothamanga kukhudza pang'ono kokha ndege yalowera kutchire.

Pa kauluke. Apa mpomwe wochokera ku pulopela amadabwa. Ndege ya pulopela mphepo ya pulopela imawomba mchira ndiye ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono mukaponda mota imamvera pompo. Jeti ya EDF mphepo yonse imatulukira mupaipi kumbuyo, mapiko ndi mchira sizilandira kanthu kufikira ndege yokhayo itapeza liwiro, ndiye mukapereka throttle pamatenga kanthawi kuti zichitike. Muyenera kuganiza masekondi awiri patsogolo nthawi zonse. Ponyamuka isiyeni ithamange, osayikoka msanga, makamaka kuno ku Joni komwe tili pamtunda wa mamita opitilira 1,700 ndipo mpweya ndi wopyapyala ndi pafupifupi 15 peresenti kuyerekeza ndi kunyanja ku Durban, kukatentha masana zimaposa apo. Fani imapeza mpweya wochepa wokankha, mapiko nawonso amafuna liwiro lochulukirapo, ndiye mavidiyo a pa YouTube aja mumaona ndege yanyamuka pafupi pomwepa musawakhulupirire kwambiri, mwina ojambulawo ali kumunsi kufupi ndi nyanja. Pa phula imanyamuka bwinobwino ndi flap ya theka. Pa udzu pokhapokha ukhale wometedwa bwino kwambiri, apo ayi matayala ang'onoang'ono aja amakodwa ndipo timiyendo topinda timavutika.

Ikangokwera koma, eee abale, ndi yokoma. Imayenda ngati yaikidwa pa mzere, siyigwedezeka, roll yake ndi yoyera, loop yaikulu imakwanitsa mukayamba ndi liwiro lokwanira, ndipo kulira kwa fani ikamadutsa motsika pamaso panu ndi chifukwa chokwanira chogulira ndegeyi, ndi mluzu wosalala osati kulira kokwiyitsa kwa ma fani akale aja a mapeni ochepa. Makilomita 100 pa ola imadutsa osavutika. Pokhota ipatseni malo ngati thiraki yodzaza katundu, mukayikoka mwamphamvu pa kona imataya liwiro lambiri nthawi imodzi. Chomwe ndingachenjeze ndi utoto wa siliva, kukakhala mitambo yotuwa ndege imasowa m'maso ndipo simudziwa ngati ikubwera kapena ikupita, zomwe zimathandiza ndi mikanda yachikasu ija ya pa mapiko ndi pa thupi yomwe ma Sabre a ku Korea ankapakidwa, koma ngakhale zili choncho musayitumize kutali.

Nthawi youluka ndi yochepa ndipo izi muzidziwiretu musanatulutse ndalama. Pa batire ya 6S ya 4000mAh mpaka 5000mAh muyembekezere mphindi zitatu kapena zinayi, mukamasamala throttle mwina kuposerako pang'ono. Si vuto la ndege iyi, ma EDF onse amadya moto chonchi. Timer yoyamba ikani pa mphindi zitatu basi, mukatera yezani batire, selo iliyonse ikhale cha pa 3.7 kapena 3.8 volts, ndiye muziwonjezera masekondi pang'onopang'ono. Batire yodzaza imakhala 4.2 pa selo, zonse pamodzi 25.2 volts, ndipo mukazolowera kuyikama mpaka kutsika kwambiri imatupa nkufa msanga. Gulani ya C rating (muyeso wa moto womwe batire ingatulutse nthawi imodzi) yabwino chifukwa fani iyi imakoka ma amp ambiri, batire yofooka mumaimva pompo ponyamuka. Ndipo siyani mphamvu yoti ngati kutera koyamba sikunayende bwino muzungulirenso kachiwiri.

Kutera ndiye mayeso enieni. Tsitsani matayala ndi ma flap mukadali m'mwamba, bwerani mozungulira motakasuka, ndipo musazimitse mota ngati mmene timachitira ndi trainer. Siyani throttle cha pa kota kapena kuposerapo pang'ono, mphuno ikwere pang'ono, kutsika muzilamulira ndi throttle, liwiro ndi elevator. Mukaona ikutsika msanga onjezani mota mwachangu poti paja imachedwa kuyankha. Ikafika pafupi ndi phula chepetsani mota pang'onopang'ono nkuyigwira mphuno m'mwamba kuti matayala akumbuyo ayambe kugunda. Ikayamba ndi thayala lakutsogolo imadumpha, ikadumpha kachiwiri kumakhala kwakukulu kuposa koyamba, ndiye zikatero perekani throttle yonse muzungulirenso osalimbana nayo. Chomwe ndimayikondera Sabre iyi nchoti pakati pa majeti a mapiko opendekera ndi yofatsa, phiko lake ndi lalikulu ndiye ndi ma flap onse imachepetsa liwiro bwino kuposa mmene mungaganizire, koma musanayese kutera kwerani m'mwamba kwambiri muchepetse liwiro mpaka muone pomwe imayambira kugwetsa phiko, kuti maso anu adziwe malire ake.

Mukatera yang'anani mkati mwa fani ndi tochi. Timiyala, udzu, ngakhale kachingwe ka velcro kolendewera zimayamwidwa ndipo peni limodzi likathetheka fani yonse imayamba kunjenjemera. Masikuluwu a matayala nawonso muziwamanga pafupipafupi.

Za ndalama, mtengo wa ndege si mapeto a nkhani. Mabatire a 6S awiri kapena atatu, chaja yamphamvu yotha kubalansa ma selo, chikwama chosapsa chochajiramo, rimoti ngati mulibe, zonsezi pamodzi zikhoza kufanana kapena kuposa mtengo wa ndege yomwe. Makalabu ambiri kuno amafunanso kuti mukhale membala wa SAMAA, bungwe la ndege za modelo la South Africa, ndipo ndi bwino kutero chifukwa pali inshulansi komanso mumapeza madala odziwa oti akuulutsireni ulendo woyamba ndi kukutcherelani trim kuti iziuluka mowongoka. Ine ndinganene kuti pemphani ndithu mmodzi wa iwo aime pambali panu, amathandiza ndi mtima wonse ndipo amaona zinthu zomwe inu chifukwa cha chisangalalo simungazione. Musanagule funsaninso shopu ngati imasunga ma sipeya, makamaka matayala opinda, fani ndi kanope.

Kwa amene mukuganiza zopita nayo kumudzi pa holide, mapiko amachoka ndiye mubokosi lake imayenda, koma nkhani ili pa mabatire. Mu ndege zonyamula anthu LiPo siyilowa m'chikwama chopita pansi, imayenera kukhala m'chikwama cha m'manja, ndipo yopitilira 100Wh imafuna chilolezo cha kampani ya ndege. Ya 6S 4000mAh ndi 88.8Wh ndiye ili mkati mwa malire, ya 5000mAh ndi 111Wh yadutsa. Zitsitseni kaye pa storage cha pa 3.8 volts pa selo ndipo mapulagi mumate ndi tepi. Lilongwe ili pamtunda wa mamita 1,000 ndi kuposerapo pang'ono ndiye ndege ipezako mpweya wabwino kuposa kuno, koma bwalo la mpira lafumbi si malo ake, fani imeza mchenga ndipo ana amathamangira kudzaona ndege isanaime nkomwe. Pezani malo a phula otalika opanda anthu, kutali ndi Chileka kapena Kamuzu International Airport, ndipo funsani kaye a zaulendo wa pandege za malamulo ake musanachaje batire.